Njira Ziwiri za ku Makokola

1. Kalata ya Lachisanu

Kalata inafika Lachisanu masana, ana atatsala pang'ono kuweruka. Makalata a mudzi wonse wa Likwanje ankadzera kusukulu, ndipo ahedi, a Basil, ankaima pakhonde n'kumaitana mayina limodzilimodzi.

"Esitere Edmund!"

Esitere anapita kutsogolo, napinda bondo, n'kulandira ndi manja awiri. Sanachite kufunsa kuti yachokera kwa yani. Zilembo zikuluzikulu zopendekera mbali imodzi ngati bango la pamphepo zinali za amayi ake.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ali mu Sitandade 8. Mudzi wawo unali kum'mawa kwa nyanja, kumwera kwa Makanjira. Bambo ake, a Edmund, anamira panyanja iye ali mu Sitandade 5. Maliro atatha, amayi ake, a Marita, anamusiya m'manja mwa mlongo wawo, a Oswald, napita ku Blantyre kukalera ana pa nyumba ya mzungu wina. Chichokereni anali asanabwereko. Tchuthi chawo chinkakhala cha masiku anayi, chonsecho masiku anayi ndi omwe munthu ankathera panjira pokha, kupita ndi kubwera.

Esitere anakawerengera kalatayo kuseri kwa kalasi.

"Mwana wanga Esitere, ine ndili bwino, kaya iwe ndi amalume ako. Abwana awasamutsira ku Harare, ndipo adona akuti ndipite nawo chifukwa ana anandizolowera. Akuti zaka ziwiri, kaya zitatu. Asanachoke akufuna akaone nyanja komaliza. Loweruka pa 18 Julaye m'mawa tidzakwera ndege yaing'ono ku Chileka. Akuti mphindi makumi anayi zokha tafika ku Makokola. Tidzagona kuhotela usiku umodzi. Lamulungu 2 koloko masana ndege idzatibwezera ku Blantyre, Lolemba ulendo wa ku Harare. Ngati amalume ako angalole, bwera ndidzakuone. Ndakugulira kanthu. Ndalemba msanga kuti ukhale ndi nthawi yokonzeka."

Esitere anayang'ana tsiku lomwe linali pamwamba pa pepalalo. Kalatayo inalembedwa pa 2 Julaye, ndipo iye ankaiwerenga pa 17. Kalata yolembedwa msanga ija inayenda masabata awiri ndi tsiku limodzi. Loweruka lomwe amayi ake ankanenalo linali mawa lake.

Mayeso a boma a Sitandade 8 ankayamba Lachiwiri, 8 koloko m'mawa.

2. Rula ndi ulusi

Anzake atabalalika, Esitere anabwerera m'kalasi. Sabata yonseyo a Basil anakhala akuwachititsa masamu a mtunda, liwiro ndi nthawi, mpaka ana ena ankachita kuwalota. Iye anatsitsa mapu omwe ankakhala pakhoma, nawayala padesiki, n'kutulutsa rula m'chikwama.

Anaika rula kuchokera pa Likwanje kukafika pa Makokola. Mzerewo unangodutsa pamadzi pokhapokha: makilomita makumi asanu. Kenaka anasolola ulusi pa mpendero wa yunifolomu yake, nauyendetsa motsatira msewu. Ulusiwo unatsika kumwera, kudzera ku Malindi, n'kuwoloka mlatho wa ku Mangochi, n'kukhotanso kubwerera kumpoto. Atauwongola pa rula unakwana makilomita zana limodzi ndi khumi ndi asanu.

"Mayeso a jogalafe ndi Lachinayi," anatero munthu wina pakhomo. Anali ahedi.

Esitere anaimirira, nawapatsa kalata ija. A Basil anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuipinda bwinobwino momwe inaliri.

"Aphunzitsi, kodi Harare ili kutali bwanji ndi Blantyre?"

"Makilomita pafupifupi mazana asanu, ukayeza mowongoka."

"Nanga ndege imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Yaikulu ija, ola limodzi ndi mphindi zowerengeka."

Esitere anayang'ana ulusi uja. "Ndiye kuti amayi akakhala ku Harare adzakhala pafupi ndi Blantyre kuposa momwe ife tilili ndi Mangochi."

"Pa wotchi, inde. Pa mapu, ayi." A Basil anakoloweka mapu aja pamsomali pake. "Ine si amalume ako, sindingakuloleze kapena kukuletsa. Koma Lachiwiri envulopu ya mayeso imatsekulidwa 8 koloko. Siyembekeza munthu. Chaka chino pasukulu pano ndili ndi ana awiri okha amene ndikuwayembekezera kupita kusekondale, ndipo mmodzi wa awiriwo wasolola yunifolomu yake."

3. Boti la Che Amidu

Popita kwawo Esitere anadzera kudoko. Kumeneko anapeza Che Amidu akulongedza matumba a utaka wouma m'boti lawo la injini. Anali munthu wa nthabwala, mnzawo wa malemu bambo ake, ndipo ankakonda kukagulitsa nsomba kutsidya chifukwa kumeneko kunali msewu wa phula ndi ogula ambiri.

"Mwana wa Che Edmund! Nkhope yagwa chonchi bwanji? Masamu akukana?"

Esitere anafotokoza.

"Aa, basi zomwezo? Iwe, mawa ndikawerama Subuhi, pemphero la m'bandakucha, ndikuliza injini. Ndikupita komweko ku Makokola, akukhitchini yakuhotela ndimawapatsira nsomba. Maola asanu okha. Nkhomaliro ukadya ndi amayi ako, mwinanso ndi foloko ngati dona."

"Nanga ndikadzera kumsewu, pa lole ya a Sulemani?"

Che Amidu anaseka mpaka kusiya thumba. "Lole imeneyo? Ukakwera uli mtsikana, ukatsika ku Mangochi uli ndi zidzukulu. Bwera kuno m'mawa. Mwana wa mnzanga ndingamusiye akulira pamchenga?"

Esitere anawerengera panjira. Akakwera boti akafika Loweruka masana. Akakhala ndi amayi ake madzulo onse, usiku wonse, ndi m'mawa wonse wa Lamulungu. Anafika kunyumba akuthamanga.

4. Mawu a amalume

A Oswald anali pakhonde, akusoka ukonde, mwendo wawo wodwala uja atautambasula pamphasa. Anamvetsera zonse osadula mawu: za kalata, za rula, za boti. Kenaka anabaya chosokera paukonde.

"Khala pansi, mwanawe.

"Masamu ako ndi olondola, sindikuwatsutsa. Koma kuyeza mowongoka ndi kwa ndege, chifukwa ndege imadutsa pamwamba pa chilichonse. Ife a pansi pano timayenda mokhotakhota, ndipo amene anakhotetsa msewu uja sanali chitsiru.

"Ndinagwira ntchito m'sitima za panyanja ino zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sitima yachitsulo, ya injini ziwiri, kaputeni wake wophunzira. Koma mwezi uno wa Julaye ukafika, kaputeniyo ankayamba wayang'ana kumwera asanamwe tiyi. Mphepo ya mwera siuza munthu kuti ndikubwera. M'mawa nyanja imagona, yosalala ngati mbale. Dzuwa likakwera pang'ono umangomva kuzizira pakhosi. Kenaka umaona mzere wakuda kumwera uko. Kenaka mafunde a mitu yoyera. Kuchokera pamene waona mzerewo kufika pamene madzi ayamba kulowa m'boti, sungathe kunena Atate Wathu kawiri. Ndiye ulendo wa ku Makokola ndi wolunjika kumwera komweko. Mukupita kukakumana nayo mphepoyo, boti litadzaza matumba mpaka m'milomo.

"Bambo ako sanali munthu wopusa. Nyanja ankaidziwa kuposa Amidu. Tsiku lija nayenso anati msewu ndi wautali, madzi ali phee, angowoloka. Tinamufunafuna masiku atatu. Amene anamupeza m'bango ndine. Amene anakauza amayi ako ndine. Sindikufuna kukauzanso mlongo wanga nkhani ina yotero.

"Kupita sindikukuletsa. Mwana amene sanaone mayi ake zaka zitatu saletsedwa. Kukumanga mwendo sindingathenso, poti bondo langali silingandifikitse kudoko kapena kumsewu. Mawa ukatuluka pakhomo pano udzakhala wekha. Ndiye tamvera. Ukafika padoko usayang'ane madzi, madzi amanama. Uyang'ane pamene akuluakulu asiya mabwato awo. Ukapeza ali m'mphepete, kumbuyo kwake kukunyowa, ndiye kuti eni ake alibe nkhawa. Koma ukapeza awakokera kumtunda, kupitirira mzere wa zinyalala zimene mafunde amalavula, udziwe kuti anthu amene anamera imvi panyanjayi akuopa kanthu."

Esitere ankapotapota ulusi uja pachala.

"Lole ya Sulemani inyamuka m'mawa," anapitiriza a Oswald. "Mulungu akalola, madzulo muli ku Mangochi. Ukagone kwa azakhali ako a Lusiya, pafupi ndi mlatho. Lamulungu m'mamawa ukwere basi ya ku Monkey Bay, utsike pa Makokola. Lolemba Sulemani akubwerera, ubwere naye. Lachiwiri uli m'kalasi. Khadi la chipani usaiwale, panjira amafunsa."

"Ndiye kuti ndikakhala nawo m'mawa umodzi wokha, malume."

"M'mawa umodzi, inde. Ndi waufupi, ndikudziwa."

Analowa m'nyumba motsimphina, natuluka ndi kaphukusi ka usipa wouma. "Ukampatse. Ku Harare kulibe nyanja."

5. Pamphambano

Kutacha Esitere anavala nsapato zake za kutchalitchi, namanga chitenje, n'kutsanzika. Kuseri kwa tchalitchi njira inkagawikana. Ya kumanja inkakwera kumsewu. Ya kumanzere inkatsikira kudoko.

Anatenga ya kumanzere.

Nyanja inali itagona monga ananenera amalume ake. Panalibe ndi kamphepo komwe. Mapiri a kutsidya ankaoneka pafupi ngati munthu angawaponyere mwala. Che Amidu anali atakankhira kale boti m'madzi.

"Ndinadziwa ine! Vula nsapato, dona, malo ako ndakuyalira pathumba lofewa."

Esitere anavula nsapato, nalowetsa mapazi m'madzi. Dzanja lake linali litagwira kale mlomo wa boti pamene anacheuka.

Mabwato a akuluakulu sanali pamalo pake. Onse, khumi ndi limodzi, anali kumtunda, kupitirira mzere wa zinyalala, ena atawavundikira. Pamchenga panali mikwasa yomwe anawakokera. Ngakhale bwato la nkhalamba ina imene sinkajomba panyanja linali pomwepo, nkhafi itatsamira pamtengo.

Kumsewu kunamveka hutala ya lole, kawiri.

"Kwera, injini ikumwa mafuta," anatero Che Amidu.

Esitere anachotsa dzanja paboti. "Pepani, bambo. Ndidzera kumsewu."

"Iwe! Nyanja yake imeneyi? Ngakhale nkhuku ikhoza kuwoloka!"

"Mukawaona amayi muwauze kuti ndikubwera."

Anatola nsapato zake n'kuthamanga chokwera, mapazi ali mchenga wokhawokha. Ali pamwamba pa matumba a mpunga m'lolemo, anaona boti lija likuchepa, likusiya mzere woyera wowongoka pamadzi.

6. Lole ya a Sulemani

Lole ya a Sulemani inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Inaima kuti akweze mbuzi. Inaima kuti mayi wina akatenge mwana amene anamusiya kwa apongozi. Pa kamtsinje kena kouma inatitimira mumchenga, ndipo amuna onse anatsika kukadula nthambi zoyala pansi pa matayala. Pamalo ena ogulitsira malonda anyamata a malaya ofiira anaimitsa lole kuti aone makhadi a chipani. Esitere anaonetsa lake, koma abambo awiri analibe, ndipo nkhani yawo inadya ola lathunthu.

Dzuwa litakwera, mwana wina analoza kutsidya kwa nyanja. "Ndege! Ndege!"

Kanthu kakang'ono konyezimira kankatsika pang'onopang'ono kuseri kwa mitengo ya kutsidya. Esitere anakayang'anitsitsa mpaka kanasowa. Amayi ake anali atafika. Iye anali asanayende ngakhale makilomita makumi atatu.

Msewu unkatsata nyanja. Nthawi zonse mitengo ikapatuka, Esitere ankayang'ana kumwera kufuna mzere wakuda uja. Sanauone. Madzi anakhala phee tsiku lonse, osalala, obiriwira.

Cha m'ma 3 koloko lole inagunda dzenje, pansi n'kumveka kuti thyo! Inapendekera kumanzere, n'kuima.

"Sipuling'i yapita," anatero a Sulemani atasuzumira pansi. "Musadandaule, abale anga. Galimoto imeneyi ndinaikwatira kalekale, ndimadziwa kuinyengerera."

"Mukanaisudzula!" anakuwa mayi wa mwana uja, anthu n'kuseka.

Esitere sanaseke. A Sulemani anadula mtengo, nausema, n'kuumangirira pamalo pa chitsulo chothyokacho ndi mphira za matayala akale. Ntchitoyo inatha kutada, ndipo lole inalibe nyali zodalirika. Onse anagona m'kalasi ya sukulu ina ya m'mbali mwa msewu.

Lamulungu ananyamuka m'mamawa, lole ikuyenda ngati munthu wonyamula madzi odzaza ndowa. Anadutsa ku Malindi belu la tchalitchi likulira. Mlatho wa ku Mangochi anauwoloka dzuwa lili pamutu, ndipo atangotsika mlathowo mtengo uja unathyoka.

"Basi, yafika pamene imafuna," anatero a Sulemani, akupukuta manja. "Sipuling'i ina ndikaifune ku Limbe. Obwerera ku Makanjira, tionana Lachitatu."

Esitere anamva mawuwo, koma sanawasunge. Maso ake anali pa wotchi ya pamkono wa a Sulemani. Inali 12 koloko ndi theka. Basi ya ku Monkey Bay inali itapita kale, ndipo kwa azakhali ake sanapiteko n'komwe. Anaima pamsewu wa phula akukweza dzanja, mpaka wogula nsomba wina wa kagalimoto kotsekula kumbuyo anamumvera chisoni. Anamutsitsa pomwe msewu wa ku Makokola umapatukira. Kuchokera pamenepo anathamanga.

7. Pampanda wa waya

Bwalo la ndege linali malo aatali osalazidwa bwino, ozunguliridwa ndi waya. Ndege yoyera ya mizere yobiriwira inali itaima kumapeto kwake. Antchito a kuhotela ankalowetsamo masutikesi. Mzungu wamwamuna ankalankhula ndi woyendetsa ndege, mkazi wake atagwira mwana wamkulupo padzanja.

Pafupi ndi chipata panaima mayi wovala yunifolomu yoyera, atanyamula kamwana ka tsitsi lofiirira. Ankayang'ana kumsewu. Maso ake anadutsa pa Esitere osaima, n'kupitirira kukafuna wina kumbuyo kwake. Ankafuna mwana wamfupi.

"Amayi."

Maso aja anabwerera. A Marita anatsitsa kamwana kaja pansi, chinthu chimene mwina sankaloledwa kuchita, natuluka pachipata. Sanakuwe. Anamugwira Esitere mapewa onse awiri, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Watalika kundiposa."

"Pang'ono pokha."

"Nanga fumbi lonseli? Wadya?"

"Tinadya chinangwa m'mawa."

"Amalume ako bondo lija?"

"Likadawavutabe. Akuti ndikupatseni ichi."

A Marita ananunkhiza kaphukusi kaja, natseka maso kanthawi. Kenaka anakabisa msanga pansi pa matewera m'chikwama. "Adona asamve fungo. Ndizikadya kamodzikamodzi, mpaka Khirisimasi."

M'chikwama momwemo anatulutsa pepala lokulungidwa bwino. Munali diresi lachikasu la kolala yoyera. Analitambasula, naliyeza pathupi pa Esitere. Linalekeza pamwamba pa mawondo, ndipo mapewa ake anali a mwana wa Sitandade 5.

Onse awiri analiyang'ana.

"Ndinayeza ndi m'maso," anatero a Marita. "Ndinayeza mwana amene ndinamusiya."

"Ndi lokongola, amayi. Ndilisunga."

Woyendetsa ndege anayang'ana wotchi yake. A Marita anaona, nayamba kulankhula mofulumira.

"Che Amidu anafika dzulo dzuwa lili pamutu, kukhomo la kukhitchini. Anandiuza kuti unagwira boti n'kulisiya. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyang'ana msewu uwu."

"Anati nyanja inali bwanji?"

"Anati ngati mphasa."

Esitere anaweramitsa mutu. "Ndikanakwera, bwenzi titakhala limodzi kuyambira dzulo."

"Tandiyang'ana." A Marita anamukweza chibwano. "Ukanakwera, bwenzi nditakondwa tsiku limodzi, kenaka n'kukhala ndi mantha zaka zitatu. Bwenzi ndili ku Harare ndikutsuka mbale za eni, mtima uli kuno, ndikudziwa kuti mwana wanga ndi uja amakwera boti mu Julaye akaona kuti madzi agona. Dzulo mphepo sinabwere, chabwino. Koma iwe sunkadziwa, Amidu sankadziwa, bambo ako tsiku lija sankadziwanso. Pano ndikupita ndikudziwa kuti ndasiya munthu wamutu. Usiku umodzi umene tataya ndi wowawa, sindikunama. Ndinayala malo awiri m'kachipinda kamene anandipatsa. Koma ndigona tulo ku Harare chifukwa cha usiku umenewu."

"Marita!" anaitana adona aja, mosakalipa, akuloza ndege.

"Ndikubwera, madamu!" A Marita ananyamula kamwana kaja, natembenukiranso kwa Esitere. "Zinthu ziwiri zokha ndikukusiyira. Mwezi wa mwera usakwere boti. Ndipo mayeso ulembe, onse, usaphonye ngakhale pepala limodzi. Ine ndikulera ana a eni kuti iwe usadzalere ana a eni. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ku Harare si kutali. Akuti ola limodzi."

"Ndi mphindi zowerengeka," anatero Esitere. "Ndinafunsa ahedi."

A Marita anaseka pang'ono. Anamufinya dzanja kamodzi, nalowa pachipata. Mlonda anatseka.

Injini inalira. Fumbi linauluka mpaka pawaya. Ndege inathamanga, ninyamuka, n'kupendekera kumwera. Pa mawindo ake aang'onoang'ono sipankaoneka nkhope ya munthu, koma Esitere anakwezabe dzanja kufikira ndegeyo itasanduka kadontho.

Mlonda uja anayang'ana wotchi yake. "Ndendende 2 koloko. Wachita mwayi, mtsikana. Mwacheza mphindi khumi ndi ziwiri."

8. Lachitatu

Esitere anakhala pansi pa mtengo wa mgwalangwa, kunja kwa mpanda, diresi lija lili pamiyendo. Sanalire kwambiri. Anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kuyamba kupinda diresilo motsatira mizere yomwe amayi ake analipindira. Analipinda, nalitambasula, n'kulipindanso.

Patapita nthawi mlonda anamuitana. "Pano afika ku Chileka. Mwina ayamba kale kumwa tiyi. Iwe kwanu n'kuti?"

"Ku Likwanje, njira ya ku Makanjira."

"Kutali konseko? Ubwerera bwanji?"

"Pa lole, mawa."

Atangotero, mawu a a Sulemani aja anabwerera m'makutu mwake, omveka bwino ngati akuwanena pomwepo. Obwerera ku Makanjira, tionana Lachitatu. Njira imeneyo inalibe basi. Lole ina inkadutsako mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa sabata, mwina osadutsa n'komwe. Wapansi, makilomita onse aja a ulusi sakanatheka pa tsiku limodzi.

Mayeso anali Lachiwiri, 8 koloko.

"Mwana wa Che Edmund!"

Che Amidu ankabwera kuchokera kunyanja, matumba opanda kanthu ali paphewa, akutafuna nzimbe.

"Wawapeza? Alhamdulillah. Zidzukulu zija zili kuti?" Anaseka, kenaka ataona nkhope yake analeka. "Ndamva za lole ya Sulemani, nkhani yafika kale kudoko. Usade nkhawa. Ine ndikubwerera mawa m'mamawa, boti lopanda katundu. Masana uli kwanu, ukuwerenga manotsi ako. Lachiwiri ukalemba mayeso ngati bwana. Ukuti bwanji?"

Esitere anayang'ana diresi lija. Amayi ake anamusiyira zinthu ziwiri, ndipo mphindi makumi anayi zapitazo zinthu ziwirizo zinkaoneka zopepuka kuzinyamula pamodzi.

Pamwamba pake masamba a mgwalangwa anayamba kukhwekhwereza. Pepala lokulungira diresi lija linanyamuka pamiyendo pake, n'kukakakamira pawaya. Pakhosi pa Esitere panazizira, monga ananenera amalume ake za mwera.

Che Amidu analeka kutafuna, natembenukira kumwera.